Kwa inu amene mwagula galimoto yovula denga chisanu chili pakhomo

Lamlungu lapitali mwana wa achemwali anga, amene wafika kuno ku England mu Epulo, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Wayedzamira Mazda MX-5 yofiira, denga walipinda, magalasi akuda ali kumaso, pansi walemba kuti "Malume, ndaipeza motchipa." Kenako ndi pamene akufunsa kuti m'nyengo yachisanu amaiyendetsa bwanji. Ndalama zapita kale, funso likubwera pambuyo. Ndinamuyankha mwachidule, koma usiku tulo sindinatione, chifukwa galimoto yamtundu womwewo inandidyera ndalama za nyumba imene mpaka lero idakali pa mawindo ku Lunzu. Ndiye ndati ndilembere nonse amene mwangobwera kumene, poti ndaona kuti si iye yekha amene akuzisirira.

Kutchipako kuli ndi chifukwa chake. Galimoto zimenezi zimatsika mtengo masamba akayamba kuyoyoka, pakuti palibe amene amafuna denga la nsalu mu Novembala. Eni dziko ambiri amene ali nazo amakhala ndi galimoto ina yopitira kuntchito. Iyi amaitsekera m'galaja, n'kuilembetsa SORN (kudziwitsa boma kuti siikuyenda pamsewu) kuti asamalipire msonkho wa pamsewu, n'kudzaitulutsa dzuwa likabwerera. Inu mukufuna ikhale yokhayo, yopitira ku shifiti ya 7 koloko m'mawa kudakali mdima. Vuto lagona pamenepo.

Choyamba ndi dzimbiri. Kwathu tinazolowera galimoto zochokera ku Japan zodzera ku Dar, timayang'ana injini ndi makilomita basi. Kuno musanamvere n'komwe kulira kwa injini, gwadani muyang'ane kunsi. Nyengo yachisanu magalimoto a khonsolo amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo chaka ndi chaka. MX-5 imawola m'mbali mwam'munsi, makamaka kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ndipo imayambira m'kati. Pamwamba penti akuwala, chikomekome cha mkuyu. Yanga ndinagula mu Novembala 2017 kwa munthu wakwathu, wopemphera naye tchalitchi chimodzi, amene anandigwira paphewa n'kunena kuti "achimwene, inuyo sindingakupusitseni." Pofika tsiku la MOT, kuyezetsa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ndi yoyenera pamsewu, makaniko anangobaya ndi sikuludilaiva, chitsulo n'kugumuka ngati chigumu. Ndalama zowotcherera zinatsala pang'ono kufanana ndi zomwe ndinagulira galimotoyo. Munthu uja mpaka lero timapatsana moni, akazi ake amaphika bwino pa zochitika zathu, koma ine sindinaiwale. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mbiri ya MOT ya galimoto iliyonse imaoneka ulere pa webusaiti ya boma ya gov.uk ukangolemba nambala yake. Nditayang'ana pambuyo pake ndinapeza kuti za dzimbirizo anali atachenjezedwa kale. Safunsa anadya phula. Ngati mwagula kale, muzitsuka kunsi kwake ndi madzi amphamvu pafupipafupi mpaka mchere utatha m'misewu.

Chachiwiri ndi matayala, ndipo apa musaumire. Galimotoyi ndi yopepuka, imangolemera pafupifupi tani imodzi, ndipo amene amakankha ndi matayala akumbuyo. Injini ili kutsogolo, matayala akumbuyowo alibe katundu wambiri wowapsinja. Pamsewu woterera mbuyo imafuna kudutsa mutu. Lamulo limafuna mizere ya tayala isachepere 1.6 mm, ndipo tayala limodzi lokutha lingakudyetseni chindapusa chofika £2,500 ndi mapointi atatu achilango pa laisensi. Koma 1.6 mm ndi ya apolisi, si ya chisanu. Kukazizira kutsika pansi pa madigiri 7 labala ya matayala wamba imauma, siigwiranso msewu. Gulani matayala a chisanu, kapena a nyengo zonse amene ali ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka sinowo m'kati. Onse anayi, osati awiri akumbuyo okha. Kuno lamulo silikakamiza monga amachitira ku Germany, n'chifukwa chake ambiri sasintha. Matayala a kaunjika aja mumaona akugulitsidwa m'timagalaja ta m'makona, asiyeni.

Ine ndinasiya kuumira mochedwa. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 kunabwera mphepo ija anaitcha Beast from the East. Anthu anagona m'magalimoto pa M62, msewu wa pakati pa Leeds ndi Manchester, umene pamwamba pake penipeni, chapafupi ndi junction 22, umafika mamita 372 ndipo ndiwo motorway yokwera kuposa zonse mu England. Ine sindinafike n'komwe kumeneko. Ndinazungulira ngati nguli pa raundi ya pafupi ndi kunyumba, liwiro la njinga, n'kukaomba mwala wa m'mphepete mwa msewu. Chinandilakwitsa ndi nzeru za matope. Kwathu galimoto ikayamba kuterera pa msewu wa dothi timaponda mafuta kuti tidutse ndi mphamvu. Pa ayezi ukatero wadzipha. Umanyamuka ndi giya yachiwiri, phazi lopepuka ngati ukuponda mazira, kusintha magiya msanga, ndipo mabuleki umawayamba kutali. Highway Code imanena kuti pa ayezi mtunda woimira ungachuluke kakhumi. Mbuyo ikathawira kumanja, chotsani phazi pamafuta pang'onopang'ono, chiwongolero mupinde kumanja komweko, maso ali kumene mukufuna kupita. Zakale zambiri zilibe zida zamakono zothandiza tayala likamaterera, ndiye zonse zili m'manja mwanu.

Oopsa kwambiri si sinowo amene mukumuona atayera. Ndi ayezi wosaoneka, msewu ukungooneka ngati wanyowa. Amakonda pa milatho, m'munsi mwa mitengo ndi m'makona momwe dzuwa silifika, ndipo mu Disembala dzuwalo limalowa isanakwane 4 koloko. Mukamva kuti phokoso la matayala latha mwadzidzidzi, dziwani kuti mwakwera pa iye. Foni ikakulozerani Snake Pass pochoka ku Sheffield kupita ku Manchester tsiku loti a zanyengo a Met Office atulutsa chenjezo, ikanizeni foniyo.

Tsopano dengalo. Musalipinde kukazizira kwambiri kapena lili lonyowa, ngakhale mutafuna chithunzi chotani. Nsalu youma ndi chisanu imang'ambika m'mapindiro, ndipo MX-5 zoyambirira, za 1989 mpaka 1997, windo lakumbuyo ndi la pulasitiki, limasweka ngati mbale. Musalipale ndi chopalira ayezi. Sinowo akaunjikana padenga musese ndi burashi yofewa musananyamuke, ndi lamulonso kuti mawindo onse, magetsi ndi nambala zizioneka. Kuseri kwa mipando kuli timabowo totulutsa madzi ochokera padenga. Masamba amatitseka, madziwo n'kumatsikira m'mbali muja ndanena kuti mumawola, ena n'kudzaza pansi pa kapeti. Ine ndinkadabwa kuti bwanji m'galimoto mukununkha ngati chidebe cha thobwa loiwalika, ndipo magalasi akuchita nthunzi mwam'kati m'mawa uliwonse. Titsukeni ndi burashi yaitali yopindika, osati waya wakuthwa. Malabala a m'mphepete mwa zitseko muwapake silikoni, apo ayi galasi limamatirira, inu n'kukoka, labala n'kutsala m'manja. Mukapeza denga lolimba lochotseka la mtundu wa galimoto yanu, limathandiza, ngakhale mtengo wake umaluma. Hita yokha sindingainenere zoipa, kachipindako n'kakang'ono, kamatentha msanga.

Chachinayi, kapena n'chachisanu, ndataya chiwerengero: madzi. Chizolowezi chathu chothira madzi a pampopi mu rediyeta chitsale pa Chileka. Madzi akaundana amatupa, amang'amba rediyeta ngakhale injini imene. Pamafunika antifreeze woyenera galimotoyo, ndiponso madzi otsukira galasi a nyengo yachisanu, chifukwa mchere wothovukira kuchokera kwa amene ali kutsogolo umachititsa khungu m'mphindi zochepa. Madzi otentha a m'ketulo pagalasi louma ndi chisanu, ayi, lingasweke. Batire ikakhala yakale iyezetseni pano, imafera m'mawa umene mwachedwa. Ndipo musalize injini n'kulowa m'nyumba kukamwa tiyi. Akuba amadikirira zomwezo, ndipo a inshuwalansi ambiri salipira ngati makiyi munawasiya momwemo.

Za inshuwalansizo ndidandaule pang'ono. Galimoto ya mipando iwiri, dalaivala wa laisensi ya kunja, wopanda mbiri iliyonse kuno: mtengo umene adzakuuzeni mudzakhala pansi. Pamenepo ndi pamene amatulukira anyamata a pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp oti "tikupezerani yotchipa". Amakupatsani pepala looneka bwino, koma mwina ndi labodza, mwina analemba zaka ndi adiresi zosakhala zanu. Mumadziwira pamsewu apolisi atakuimitsani: £300, mapointi 6, galimoto n'kulandidwa. Yang'anani nokha pa askMID, webusaiti yoonetsa magalimoto amene ali ndi inshuwalansi, ngati galimoto yanu ikuoneka. Inu amene mumayenda nyumba ndi nyumba kusamalira okalamba, inshuwalansi yanu ikhale ndi business use, yolola kuyendera galimotoyo pa ntchito. Ine ndinalibe business use tsiku lija la pa raundi, ndipo amene anandilemba ntchito sanandiuzepo ngakhale kamodzi, ankangotumiza mndandanda wa nyumba ndi maola. Sindinayerekeze n'komwe kukapempha kanthu, zonse ndinakonzetsa ndi za m'thumba.

Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha chifikireni. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amangosinthitsa zawo, ife ayi, timalemba mayeso onse awiri. Mzere wodikira mayeso oyendetsa ndi wautali, ndiye amene munafika mu Epulo ngati mphwangayu, lembetsani lero.

M'buti, ngakhale ndi kakang'ono, musasowe bulangete, tochi, kafosholo, magolovesi, chingwe chotchajira foni ndi kachakudya. Mafuta asatsike pansi pa theka. Ena amaikamo thumba la mchenga kuti mbuyo ilemere. Limathandiza pang'ono ponyamuka, koma sililowa m'malo mwa matayala.

Mphwangayu ndamuuza kuti ngati ali ndi poisunga aiimike mpaka Epulo, agule kagalimoto konyansa kokoka ndi matayala akutsogolo kopitira kuntchito. Wayankha kuti aganiza kaye. Mayi ake andiimbira kale kawiri kuchokera ku Ndirande kufunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo wagula galimoto yopanda denga, ndiponso kuti ine ndinali kuti.