Funsani Amekaniki: Injini pa njinga yakapalasa, zitheka?

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndipo nkhani yake ndi imodzi basi, yomangirira kainjini pa njinga yakapalasa. Ndasankhapo anayi, enanu musadandaule mayankho anu ali momwemu.

FUNSO: Amekaniki, ine ndimapanga shapa, kunyamula anthu pa njinga yakapalasa, pa Bangula, nthawi zina ndimafika mpaka kwa Tengani. Anzathu a njinga zamoto atilanda makasitomala ndipo ndalama yogulira yamoto ine ndilibe. Alamu anga ali ku Johannesburg anditumizira chithunzi pa WhatsApp cha kainjini ka 80cc komangirira pa njinga, akuti atha kunditumizira pa basi. Njinga yanga ndi yakuda ija ya mabuleki a ndodo. Kodi ndingamange ndekha pakhomo? Nanga kangandinyamulire kasitomala? — Wa shapa, Bangula

YANKHO: Kumanga kokha zitheka achimwene, ngati mumatha kumasula habu ndi kuwongola limu nokha ndiye izi sizikuvutani, sipanala 10, sikuludiraiva, pulayala ndi tsiku limodzi lopanda phuma basi. Koma ndikuuzeni kaye, 80cc alemba pa katoniyo ndi dzina lamalonda chabe, zambiri mwa timainjini timeneti mukayeza timakhala 66cc, ndipo palinso kena kakang'ono ka 49cc. Ndi ka thu sitiroko, koyendera petulo wosakaniza ndi oyilo, kamazizira ndi mphepo, magiya kalibe, kiki kalibenso, mumapalasa kaye njinga kenako mkusiya kilachi kenako kamalira. M'katonimo muyenera kupeza injiniyo, thanki ya malita pafupifupi 2, kabuleta, kabokosi ka moto ka CDI, pulagi, ekizozi, tcheni chachikulu cha saizi 415, sipuloketi ya mano 44, kawilo kokungira tcheni, chogwirira kilachi ndi handulo yopatsira moto. Auzeni alamu anuwo atsegule awerenge chimodzichimodzi asanapereke kwa a basi, chifukwa kachitsulo kamodzi kakasowa simukakapeza pa msika wa Bangula.

Asanagule nkomwe, yezani felemu. Injini imakhala pakati pa felemu pa V paja, pamwamba pa mapedulo, nde muwafunse muyezo wake, mudule katoni saizi yomweyo muyeserere, musiyenso malo a kabuleta kumbuyo ndi pulagi pamwamba. Njinga zakuda zachimuna zija za matayala a mainchesi 28 malo zimakhala nawo ambiri, zachizimayi zopanda mtanda ayi. Ndipo chonde felemu musaboole. Ndaonapo anthu akuboola paipi ya pansi kuti bawuti idutse, injiniyi imanjenjemera kwambiri nde mng'alu umayambira pa bowo pomwepo. Gwiritsani zomangira zake zobwera nazo, zikhale gwa pa chitsulo, ndipo mabawuti onse muike sipiring'i washa kapena manati awiriawiri.

Tsopano pamene pali nkhani yeniyeni ndi tayala lakumbuyo. Anthu amatanganidwa ndi injini, koma chimene chimagwetsa munthu ndi wilo. Sipuloketi ija simangidwa pa habu ayi, imapanikizidwa pa masipoko, kumanzere, ndi malabala awiri ndi mabawuti 9, ndiye mphamvu yonse ya injini imadutsa m'masipoko omwe anapangidwira miyendo ya munthu. Masipoko akakhala owonda kapena adzimbiri kapena ena olendewera, amayamba kuduka limodzilimodzi. Pitani kwa okonza njinga akulukireni wilo ndi masipoko onenepa, atsopano onse, osati kusakaniza.

Pomanga sipuloketi musathamange. Tembenuzani njinga miyendo m'mwamba, mangani mabawuti pang'onopang'ono modumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya, osati motsatana. Kenako gwirizitsani choko pa felemu kuti nsonga yake ingotsala pang'ono kukhudza mano a sipuloketi, muzungulitse wilo. Choko chikalemba mbali imodzi yokha ndiye kuti yapendama, masulani pang'ono, igogodeni ndi kamtengo, muzungulitsenso, mpakana izizungulira mosavina, kaya cham'mbali kaya chokwera ndi kutsika. Ikatsala yovina tcheni chimakungika pena mkumasuka pena, mapeto ake chimavuka muli pa liwiro. Mukatha ikani lula kapena chingwe kuchokera pa kasipuloketi ka injini ka mano 10 kufika pa yakumbuyo muone ngati zili mzere umodzi. Tcheni chizisewera pang'ono, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka mukachikankha ndi chala pakati.

Kawilo kokungira tcheni kaja ndiye ine sindikakhulupirira olo pang'ono. Kamangogwira paipi ya felemu ndi mabawuti, kakamasuka kamapindikira m'masipoko, wilo mkuima pompo inu mkuuluka. Kamangeni zolimba, muzikagwedeza ndi dzanja m'mawa uliwonse, ndipo ngati pali owotcherera amene mumawadalira akupangireni kachitsulo kachiwiri kokagwira kuchokera pa paipi ya m'mwamba kuti kasathe kutembenuka.

Mabuleki a ndodo aja anapangidwira munthu woyenda makilomita 12 kapena 15 pa ola. Kainjinika pa msewu wa tala wa M1 kamakufikitsani 35 mpaka 40, limu ikanyowa ndi mvula kapena matope a dambo mabulekiwo sagwira nkomwe, ndipo inu mukudziwa mmene mbuzi ndi ng'ombe zimadumphira msewu kumeneko. Ikani malabala a mabuleki atsopano kutsogolo ndi kumbuyo komwe, limu ikhale yowongoka, zikatheka fufuzani habu yokhala ndi buleki m'kati mwake, ya dilamu ija. Kabatani kozimitsira injini kalumikizeni, ambiri amakasiya waya ali lende.

Za kasitomala ndikuuzani mosabisa ngakhale sizikusangalatsani. Inu nokha ndi thumba la chimanga kapena dengu la nsomba, kakuthandizani ndithu. Koma munthu wamkulu pa keliyala tsiku ndi tsiku, pa msewu wa mabampu, wilo lomwe lija likunyamula anthu awiri likukokedwanso ndi injini, ine sindingakulimbikitseni. Wilo likaphwasuka wovulala ndi mayi wa eni ali ndi mwana kumbuyo, mlandu ndi wanu.

FUNSO: Ndili ndi injini ya pampu yothirira ku dimba ya 5.5, pampu yake inang'aluka koma injini ili bhobho. Anyamata akuti tingoiwotcherera pa keliyala tiike lamba. Mukuti bwa? — Mlimi, East Bank

YANKHO: Ndikuti ayi bambo, gulani pampu ina muzithirira. Injini za mahosipawa 5.5 zija ndi 163cc, zofanana ndi Honda GX160, yokha imalemera makilogalamu pafupifupi 15 musanathire mafuta, nde muyikweze pa keliyala pamwamba pa wilo, njinga izikupepesulani pokhota paliponse makamaka mumchenga.

Komanso tiyeni tiwerengere limodzi. Injiniyi imazungulira ka 3600 pa mphindi. Tayala la 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.2, ndiye kuti muyende makilomita 30 pa ola likufunika kuzungulira ka 230 kokha pa mphindi. Apa ndiye kuti liwiro la injini muyenera kulitsitsa pafupifupi ka 16. Kapule ka pa injini kakakhala masentimita 5, ya kumbuyo ikhale 80, yaikulu kuposa tayala lenilenilo! Nchifukwa chake omanga zoterezi amaika shafiti yapakati ndi mabering'i ake kuti atsitse kawiri, kuonjezapo kilachi yogwira yokha injini ikakwera moto, apo ayi mukangokoka chingwe njinga ithawa yokha. Timainjini ta mkatoni tija izi tinabwera nazo kale, mkati muli magiya otsitsa pafupifupi ka 4, kenako masipuloketi a mano 10 ndi 44 aja mkutsitsanso.

Pali zinanso ziwiri. Shafiti ya injini ya pampu nthawi zambiri imakhala ya mazinga yomangirapo chopalasa madzi, ilibe mpata wa kiyi, nde pule wamba sakhalapo bwino. Ndipo zambiri zili ndi kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa, pa mabampu oyilo akamakhavukira uku ndi uku kamangozimitsa. Mukaphatikiza ndalama ya owotcherera, mabering'i, kilachi ndi malamba mupeza kuti mwaononga zambiri ndipo felemu ya njinga yakapalasa mphamvu imeneyo siyingaipirire. Injini imeneyo malo ake ndi m'mbali mwa Shire, chimanga cha dimba ndi anyezi ndi zomwe zingakugulireni njinga yamoto yeniyeni.

FUNSO: Mwana wanga anagula njinga yoika kale injini kwa mnzake. Yayenda bwino masabata ochepa, tsiku lina masana akuchokera kwa Ngabu inangolira kuti gwee mkuima, pano mapedulo akapalasa kilachi atasiya wilo limangokhwekhwereza. Akuti mafuta amagula a m'mabotolo ndipo oyilo amathira wa galimoto akaupeza. Yafa basi? — Mayi wodandaula, Nchalo

YANKHO: Pepani mayi, mmene mwafotokozeramu pisitoni yagwira m'silinda. Siinafe yonse, nthawi zambiri amasintha pisitoni, maring'i, silinda ndi magasiketi ikadzuka, bola mabering'i a pansi akhale kuti sanapse. Amasule mutu, ndi manati anayi okha, akaona mizere yokandika m'kati mwa silinda ndiye ndi zomwezo.

Chomwe chayipha ndi mawu anu omwewo oti "akaupeza". Injini ya thu sitiroko ilibe posungira oyilo ngati galimoto, oyilo wake ndi uja mwasakaniza mu petulo basi, tsiku lomwe wathira petulo yekha chitsulo chimakhulana ndi chitsulo chouma. Ndipo akhale wolembedwa 2T, wa galimoto sapsa bwino amasiya mwaye pa pulagi ndi m'ekizozi. Muyezo wake nawu, aulembe pakhoma: injini ikakhala yatsopano kapena yangosinthidwa maring'i, mamililita 60 a oyilo pa lita imodzi ya petulo kwa mathanki angapo oyamba, osaithamangitsa. Ikazolowera, 40 pa lita imodzi, kapena 20 pa botolo la theka la lita. Agule sirinji ku famase azipimira, zoyezera ndi maso kapena chitsekerero cha botolo ayi. Asakanizire m'chigubu, akhutchumule bwinobwino, kenako ndiye athire mu thanki.

Kwathu kuno kulinso vuto la dzuwa. Okotobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 mkupitirira, injini yozizira ndi mphepo ikupumira mphepo yotentha kale, nde mnyamata akatsegula moto wonse kuchokera kwa Ngabu mpaka Nchalo osapumitsa, masana dzuwa lili pamutu, akuyiphika yekha. Aziyenda moto wapakati, azipumira pamthunzi, matope akauma m'timipata ta pa silinda azitokosa ndi kamtengo. Kasiponji ka kabuleta ndi fumbi lathuli azikachapa sabata iliyonse, kaume, adontheze oyilo pang'ono mkufinya. Aziyang'ananso pulagi, nsonga yake ikakhala ngati tiyi wamkaka zili bwino, ikayera mbuu ndiye kuti mafuta akuchepa kapena mpweya ukulowera pena pomwe kabuleta yalumikizana ndi injini, imeneyo igwiranso posachedwa. Ikada bii ndi kunyowa ndiye mafuta kapena oyilo wachuluka.

Za mafuta a m'mabotolo sindinena kuti onse ndi oipa, tonse timawagula mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, koma simudziwa kuti muli parafini kapena madzi, nde azisefa ndi kansalu ndipo aike kafyuluta pa paipi. Paja petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina amapangidwa konkuno ku Dyeratu ndi a PressCane kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Injini imayenda naye bwinobwino, kungoti kapaipi koonekera mkati kobwera ndi injini kaja kamauma msanga mkuyamba kudontha pamwamba pa injini yotentha, asinthe aike paipi yakuda ya njinga yamoto. Njinga ikakhala masabata osayenda atseke kampopi ka thanki ailize mpaka izime yokha.

Ndipo madzi akasefukira asamayese kuwoloka injini ikulira, ikameza madzi ndi nkhani ina yodula kuposa iyi. Azimitse, akankhe.

FUNSO: Kodi ka 66cc kangakwere mapiri a pa Thabwa kupita ku Blantyre? Nanga a tirafiki sangandigwire? — Mnyamata wa pa Dyeratu

YANKHO: Kukwera kakwera mphwanga, koma uzikathandiza ndi mapedulo ndipo uzipumitsa, paja kalibe giya nde pa chitunda kamavutika liwiro lili lochepa mphepo yoziziritsa palibe. Sipuloketi ya mano 48 kapena 50 imakoka bwino pa phiri koma pa fulati uziyenda pang'ono, ya 36 ija anzako akuyitama ndi ya m'chigwa mokhamokha. Chondiopsa ine ndi pobwerera. Makhotakhota aja potsika, malole a shuga ndi maminibasi ali pambuyo pako, iwe ukudalira timalabala tiwiri. Komanso usatsike mtunda wautali kilachi utasiya moto utatseka poganiza kuti injini ikugwirira buleki, moto ukatsekedwa mafuta salowa okwanira ndiye oyilonso salowa, pisitoni ikungothamanga youma. Gwira kilachi, tsika pang'onopang'ono, limu ikatentha ima.

Za apolisi, njinga ukangoika injini usayembekezere kuti pa rodibuloko aziyiona ngati yakapalasa. Usanalowe nayo pa M1 pita ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre ndi risiti ya injini ndi chithunzi cha njingayo ukafunse za kulembetsa, laisensi ndi inshuwalansi, umve kwa eni ake osati kwa anzako a pa siteji. Helimeti vala ya njinga yamoto, nyali yakutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo zikhalepo, ndipo ekizozi usachotse chitsekerero chake kuti izisokosa, liwiro limene ungapindule ndi lochepa kwambiri ndipo anthu a m'mudzi akutopera sabata yomweyo.