Akumubweza mwana pageti chifukwa cha hijabu

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wamkazi ali Giredi 8 pasukulu ya boma kuno ku Johannesburg, ndipo kawiri konse amubwezera pageti ati achotse hijabu chifukwa siili pa yunifomu. Mwafunsanso ngati munthu wochokera ku Malawi angadandaule pa nkhani yotere. Angathe, ndipo lamulo lili mbali yanu.

Ndime 15 ya malamulo aakulu a South Africa a 1996 imapereka ufulu wachipembedzo kwa aliyense, osati nzika zokha, ndipo ndime 9 imaletsa tsankho la chipembedzo. Mlandu umene sukulu iliyonse iyenera kuudziwa ndi wa Sunali Pillay, womwe khoti lalikulu la Constitutional Court linagamula mu 2007. Mtsikanayu, wa ku Durban, anamuletsa kuvala chipini pamphuno, chonga chija amavala agogo athu ku Mangochi. Woweruza wamkulu Pius Langa anati sukulu inamusala. Mfundo ziwiri za chigamulocho ndizo ndodo yanu. Yoyamba, khoti silifunsa ngati chipembedzo chimakakamiza chovalacho. Limangoona ngati mwanayo amavala ndi mtima woona. Choncho mphunzitsi wamkulu asakuuzeni kuti pali atsikana ena achisilamu amene savala. Yachiwiri, sukulu iyenera kumupezera mwana mpata pokhapokha itaonetsa kuti kutero kungabweretse vuto lenileni. Kungonena kuti "enanso ayamba kufuna zawo" sikokwanira, ndipo khoti linaikana mfundo imeneyo. Ndondomeko ya boma ya mayunifomu ya 2006 nayonso imatchula mpango wakumutu pakati pa zovala zimene sukulu siyenera kuletsa.

Chimene chimagwetsa makolo ambiri n'kukangana ndi mlonda kapena mphunzitsi pageti, pomwe palibe chotsala papepala. Pemphani kope la malamulo a khalidwe a sukuluyo. Kenako lembani kalata ku komiti yoyendetsa sukulu, yomwe kuno amati SGB, yopempha kuti mwana aloledwe kuvala hijabu. Tchulani dzina ndi kalasi yake, masiku amene anabwezedwa, yemwe anamubweza, ndi maphunziro amene anaphonya. Nenani nokha kuti hijabuyo idzakhala ya mtundu wa yunifomu, yopanda zokongoletsa, ndipo adzaimanga bwino pa masewero ndi m'labotale. Chiganizo chimenechi chimawatsekera pothawira. Mukaphatikiza kalata ya shehe wa ku mzikiti wanu zimathandiza. Pangani makope awiri, limodzi alidinde ku ofesi ndi deti, mubwerere nalo kunyumba. Pemphani yankho lolembedwa, lokhala ndi zifukwa.

Pamene mukudikira, mwana asakhale kunyumba. Tsiku lililonse apite, akabwezedwa lembani. Malinga ndi lamulo la masukulu la 1996, kuimitsa mwana kumafuna kuti SGB imve kaye mbali yake, ndipo kumuchotseratu sukulu ndi mphamvu ya mkulu wa dipatimenti ya maphunziro m'chigawo, osati mphunzitsi wamkulu. Kubweza mwana pageti popanda zimenezi n'kulakwa kwina kwapadera.

SGB ikakana kapena ikangokhala chete, tengerani makalatawo ku ofesi ya dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng yoyang'anira dera lanu. Mukhozanso kudandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission, kwaulere.

Njira ya khoti ndi Equality Court, pansi pa lamulo loletsa tsankho la 2000. Limakhala ku khoti la majisitireti ndi ku High Court, simulipira potsegula mlandu, ndipo loya si wokakamiza. Mumalemba fomu ya dandaulo yotchedwa Form 2 kwa kalaliki, iye amadziwitsa sukulu pasanathe masiku 7, ndipo sukulu imakhala ndi masiku 10 oyankha. Ubwino wake ndi uwu: inu mukangoonetsa kuti mwana anachitiridwa mosiyana chifukwa cha chipembedzo, katundu amagwera sukulu kuti itsimikize kuti sikunali tsankho lopanda chilungamo. Khoti lingalamule kuti mwana abwerere m'kalasi mlandu usanathe, kuti lamulo la yunifomu lisinthidwe, kuti sukulu ipepese, ngakhale chipukuta misozi. Ngati ndalama zavuta ndipo mukufuna loya, funsani ku Legal Aid South Africa.

Ndikuchenjezeni pang'ono. Ufulu umenewu uli ndi malire pansi pa ndime 36 ya malamulo aakulu aja. Mu 2000 khoti la Constitutional Court lija linakana pempho la masukulu achikhristu lofuna kumakwapula ana m'dzina la chikhulupiriro. Ngati nkhani ikanakhala ya nsalu yophimba nkhope yonse pa nthawi ya mayeso, kapena sukulu ikanakhala yoyima payokha ya mpingo, bwenzi ndikukuyankhani mosamala kwambiri. Koma yanuyi ndi hijabu wamba pasukulu ya boma, ndipo kalata ija ikafike ku ofesi sabata ino.