Za King Biscuit Time

Achimwene, mwafunsa kuti pulogalamu ya nyimbo inatengera bwanji dzina la ufa, ndiponso kuti inayamba liti. King Biscuit Time inamveka koyamba pa 21 Novembala 1941 pa wailesi ya KFFA ku Helena, Arkansas, ku America. King Biscuit linali dzina la ufa wa tirigu wa kampani ya Interstate Grocer, yomwe inkalipira nthawi ya pawailesiyo. Sonny Boy Williamson ndi Robert Lockwood Jr. ankaimba blues (mtundu wa nyimbo za anthu akuda a ku America) pompo mu situdiyo. Chimene chimandikhudza mtima ine n'chakuti inkaulutsidwa 12:15 masana, pamene anthu akuda olima thonje ankapumako kuti adye nkhomaliro, n'kumva oimba akwawo. Mu 2021 inakwanitsa zaka 80.