Ndikufuna kumamanga imelo ya kampani yaikulu, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene amagwira ntchito ya IT pa kampani ina ku Blantyre. Funso lake, mwachidule, linali ili: "Ndatha zaka zitatu ndikutsegulira anthu ma akaunti ndi kuwasinthira mapasiwedi. Ndikufuna ndifike poti ndizitha kukonza dongosolo lonse la imelo la bungwe lalikulu ngati banki. Ndilembe mayeso ati, nanga ndikaphunzire kuti?"

Achimwene, zikomo kwambiri pondilembera. Za mayesozo ndiyankha msanga chifukwa si pomwe pagona nkhani. Kale Microsoft inali ndi maphunziro apamwamba a akatswiri a Exchange, pulogalamu yake ya seva ya imelo, otchedwa Microsoft Certified Master, ndipo anthu ankapita ku Redmond, kulikulu la Microsoft ku America, kukakhala masabata atatu akuphunzira usana ndi usiku. Mu 2013 analengeza kuti akuwathetsa. Mayeso a MS-203, omwe anali a imelo yokhayokha, nawonso anasiyidwa kumapeto kwa 2023. Mapepala amenewa amabwera n'kupita. Lembani omwe abwana anu akufuna kuona pa CV, koma musaganize kuti akuphunzitsani kumanga.

Yambani ndi SMTP, njira yomwe maseva amatumizirana imelo. Malamulo ake analembedwa ndi Jon Postel mu 1982, ndipo mpaka lero imelo iliyonse imayenda motsatira maziko omwewo. Pezani kompyuta yakale, muikemo Linux ndi Postfix (pulogalamu ya seva ya imelo), mugule domain (dzina la pa intaneti lomwe limabwera pambuyo pa @) yotchipa, kenako mutumize imelo mukulemba nokha malamulo a SMTP monga EHLO, MAIL FROM, RCPT TO pa port 25. Mukaona ndi maso anu seva ikuvomera ndi 250 kapena kukukanani ndi 550, mutu umatseguka. Kenako mulowe mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti: MX, yomwe imaloza seva yolandira imelo, komanso SPF, DKIM ndi DMARC, zomwe zimathandiza kutsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa mwini domain. Kuyambira February 2024, Google imafuna zitatu zomalizazi kwa aliyense wotumiza maimelo oposa 5,000 pa tsiku kwa anthu a Gmail. Banki yotumiza ma statement kwa makasitomala imapyola chiwerengerochi mmawa usanathe. Komanso dziwani kuti SPF imalola kufunsa DNS maulendo 10 okha; kampani ikamawonjezera wotumiza uyu ndi uyo mosawerengera, tsiku lina maimelo ake amangoyamba kugwera mu spam, aliyense n'kumaloza wa IT.

Tsopano nkhani yomwe inandiphunzitsa kuposa buku lililonse. Zaka zapitazo ndinkayang'anira Exchange pa bungwe lina. Lolemba lina mmawa foni inayamba kulira mosalekeza, maimelo akunja sakulowa. Seva inali yoyaka bwinobwino, netiweki ilipo. Otumiza ankabwezeredwa uthenga wa 452 4.3.1, kutanthauza kuti seva ilibe malo. Nditatsegula disiki ndinapeza timafayilo ta transaction log (momwe Exchange imalembamo chilichonse chosintha mu database), kalikonse ka 1MB, tadzaza pha! Backup inali itasiya kugwira ntchito masabata angapo m'mbuyomo popanda wina kuzindikira, pomwe ndiyo imachotsa timafayiloti ikamaliza. Amene anamanga dongosololo anaika zonse pa disiki imodzi, ndipo sanaike chilichonse chochenjeza. Chomwe chinandipulumutsa n'chakuti maseva otumiza amayesabe kwa masiku anayi kapena asanu asanataye mtima, ndiye maimelo anafika madzulo. Koma thukuta lomwe ndinatuluka tsikulo, mpaka malaya kumata pamsana.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwa woika pulogalamu ndi womanga. Womanga amayamba ndi masamu komanso mafunso ovuta. Tiyerekeze kuti antchito alipo 3,000, aliyense mwampatsa 5GB. Ndi 15TB imeneyo. Mukafuna makope atatu a database kudzera mu DAG, njira yosungira makope pa maseva angapo yomwe inabwera ndi Exchange 2010, mwafika 45TB musanawerengere malo a ma log ndi kukula kwa zaka zikubwerazi. Kope lina likhale ku Lilongwe pomwe likulu la kampani lili ku Blantyre? Ndiye chingwe cha pakati pa mizinda iwiriyi chikhale chotha kunyamula zingati, ndipo chikaduka ndi mbali iti ipitirize kugwira ntchito? Magetsi akathima, jenereta n'kuchedwa kulira, UPS (batire yothandizira maseva) ipirira mphindi zingati? Zimenezi yeserani nokha pa makina ongoyerekeza: mangani maseva awiri ndi witness (kompyuta yachitatu yothandiza kusankha seva yomwe ipitirize ntchito), muzimitse imodzi mwadala, muone chomwe chichitike. Chotsani database, muibwezeretse kuchokera mu backup mukuyang'ana wotchi.

Mwina mukuti, nanga si aliyense akupita ku Microsoft 365 kapena Google Workspace m'malo mokhala ndi maseva akeake? Ambiri akupitadi, makamaka chichitikireni cha March 2021 pomwe gulu la akuba a pa intaneti lotchedwa Hafnium linathyola maseva a Exchange okhala m'maofesi m'mayiko ambiri. Exchange 2016 ndi 2019 nazonso zinasiya kuthandizidwa pa 14 October 2025. Koma kusamukako n'komwe kukufuna anthu odziwa: kulumikiza Active Directory (kaundula wa ma akaunti wa mu ofesi) ndi Entra ID (kaundula wa pa intaneti wa Microsoft), kusamutsa mabokosi a imelo pang'onopang'ono usiku pa intaneti yathu yodulayi, komanso kufotokozera a zachuma kuti laisensi imalipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi, kwacha igwe kapena isagwe.

Pomwe mulipo pomwepo, pemphani abwana anu akuloleni kujambula mapu a mmene imelo imayendera pa kampani yanu, kuyambira pa MX mpaka pa foni ya bwana wamkulu. Ndikukayika ngati mapu amenewo alipo. Mukamaliza munditumizire, mutafufuta mayina ndi ma IP, tiwaonere limodzi.