Ana akudziwa kulima koma Chingerezi chikuwatsekereza

FUNSO: Ndimaphunzitsa Agriculture ku Fomu 1 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Thekerani. Ana anga amalima nandolo ndi nthochi kwawo, koma ndikafunsa m'Chingerezi amangoti zii. Kodi ndiziphunzitsa m'Chichewa? Mphunzitsi, Thyolo.

YANKHO: Aphunzitsi, Chichewa musachiope, koma musathere pomwepo. Mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Anawo ulimi ali nawo kale m'manja, chomwe akusowa ndi mawu ake.

Yambirani kumunda wa sukulu, mutatenga chingwe ndi rula. Ayeze okha kabzalidwe ka chimanga: masentimita 75 pakati pa mizere, 25 pakati pa mapando, mbewu imodzi paphando. Dzanja lili pamzere, nenani "ridge", iwo abwereze. Chala chili m'phando, "planting station". Mawu atsopano asapitirire 8 pa phunziro limodzi, oposa apo amauluka tsiku lomwelo. Pobwerera m'kalasi, aliyense alembe kumapeto kwa kope lake liwu la Chingerezi, tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chilomwe, ndi kachithunzi.

Samalani kwambiri ndi mawu omwe mwana amawadziwa kale m'tanthauzo lina. Akamva "top dressing" amaganiza za zovala. Muonetseni yureya m'chikhatho, mumuuze kuti ndi kuthira feteleza wobereketsa uja. "Nursery" kwa iye ndi sukulu ya mkombaphala, osati nazale ya tiyi yomwe amaiona tsiku ndi tsiku. "Suckers" ndi ana a nthochi, omwe amafalitsa matenda a chisaka mukawatenga pa phata lodwala.

Koma pomwe malikisi amatayikira zedi ndi pa liwu loyamba la funso. "State" ndi kungotchula, "explain" ndi kupereka chifukwa. Mwana amatchula manyowa n'kusiyira pomwepo, pamene funso likufuna chifukwa chake. Lembani pabolodi chiyambi cha chiganizo, monga "Farmers apply manure because", iwo amalize. Apatseni mphindi 5 akambirane m'magulu m'Chichewa, kenako mmodzi ayankhe m'Chingerezi. Akaphonya galamala musamudule pakamwa, chonde. Mwana wosekedwa kamodzi sadzakwezanso mkono.

Pa masamu a kuchuluka kwa mbewu, ambiri amaiwala kusintha masentimita kukhala mamita. Agawe 10,000 (masikweya mita a hekitala imodzi) ndi zotsatira za 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, apeze mapando 53,333 pa hekitala.