Yambani ndi Thuma, Nkhotakota mudzapite bwino

Achimwene, mwafunsa koti mungakayende m'tchire sabata yathunthu, chikwama kumsana, kugona m'tenti, kwinaku mukuthandiza ntchito yosamala nkhalango, ndipo mtima wanu uli pa Nkhotakota. Ine ndine wa kuno ku Salima, ndiye ndikuuzeni mmene ndikuonera.

Ku Nkhotakota nkokongola, zimenezo sindikana. Koma nkhalango ija ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo chiyambire 2015 akuyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Munthu sangangotsika minibasi pamsewu wa Kasungu uja nkuyamba kutsata mtsinje wa Bua yekha. Kuyenda wapansi kumafuna renjala, ndipo ntchito zambiri kumeneko zili ndi anthu ake olembedwa. Mudzapiteko ngati mlendo, mukaone Bua momwe mumakwera mpasa kukaswana, mukakwere phiri la Chipata.

Ngati cholinga nkugwira ntchito, yesani Thuma, chakuno ku Salima. Nkhalango imeneyi imasamalidwa ndi bungwe la Wildlife Action Group pamodzi ndi nthambi ya zankhalango, ndipo amalandira anthu odzipereka. Alembereni kukadali nthawi, musangofika pageti ndi katundu. Funsaninso za ndalama, chifukwa nthawi zambiri wodzipereka amadzilipirira chakudya ndi pogona. Zikakanika, kumalo osungira nyama a Kuti nkufupi ndi tawuni ya Salima, ngakhale kuti kulibe mapiri oti muyeserepo miyendo.

Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi, udzu ukamauma, pamene amalambula njira zotchinga moto. Ntchito yake njosachititsa kaso: kusenga udzu, kupalira, kuyendera mpanda, kutsatira alonda akamasaka misampha ya waya. Msampha woyamba ine ndinaudutsa osauona. Mlonda anandigwira malaya nkundilozera: kawaya kadzimbiri komangirira patsinde la mombo, kozinga kake kali lende pakanjira ka nyama, kofanana ndi chilambe chouma. Tsiku limenelo tinazula isanu ndi iwiri, ine sindinapeze ndi umodzi womwe. Ndiye musapite ndi mtima wokapulumutsa njovu. Kumeneko mukakhala mwana wasukulu. Akati imani, imani, akati khalani chete, tsekani pakamwa, chifukwa njovu ndi njati ziliko ndipo m'nsungwi simuona patali.

Za katundu, chotsani theka la zomwe mwalongedza. Ine ndinanyamula mpaka kapoto kachiwiri ndi mabuku, pofika pachitunda choyamba ndinkazitukwana. Chofunika ndi nsapato zomwe mwaziyendera kale (zatsopano zikupatsani matuza tsiku loyamba lomwe), buluku lalitali, magolovesi, tochi, neti, mabotolo a madzi ndi WaterGuard. Juzi musaisiye. Anthu amati ku Salima nkotentha, koma mwera wa mu Juni ukakupezani kuphiri mbandakucha mudzalakalaka bulangete la kwanu.

Chenjerani ndi chitedze. Chikauma, ngakhale kamphepo kamangokuwazirani, ndipo kukanda nkuwonjezera moto. Musanakhome tenti yang'anani pansi ngati sipadutsa linthumbwi, madzulo muzidzifufuza nkhupakupa m'miyendo. Mukadzapita ku Nkhotakota musavale zakuda kapena zabuluu, kashembe amakopeka nazo. Mukabwerako nkumva kutentha thupi, uzani adokotala komwe munali, asangoyeza malungo okha, chifukwa kaodzera kumeneko aliko.

China chomwe ambiri sachiyembekezera: mukakumana ndi mauvuni a makala ndi zitsa, mwina ndi anthu ake. Zolankhula asiyireni alonda. Iwowo amadziwana ndi midzi yozungulira, ena ndi kwawo komweko, inu mukhala sabata imodzi nkubwerera kutawuni. Zithunzi za anthu musajambule.

A ku Thuma akakuyankhani mundiuze tsiku. Mukatsikira pa Kamuzu Road tidzaonane, ndili ndi chisenga chongokhala ndingakubwerekeni.