Nyumba ili yomweyo, bwanji ma city rate akwera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Leicester, ku England. Anandilola kuwayankha pompano, poti amene ali ndi funso lomweli ndi ambiri. Nkhani yawo ndi iyi: anamanga nyumba mu umodzi mwa mizinda yathu ndipo muli anthu a lendi. Chaka chino mchemwali wawo wawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha bilu ya ma city rate, ndalama yake yakwera kwambiri, chonsecho sanawonjezerepo ngakhale njerwa imodzi. Akufunsa kuti amaika ndalamayi ndani, amawerengera bwanji, ndipo poti amalipira kale ground rent, kodi sakuwadyera kawiri? Kumapeto analemba kuti a lendi akudandaula kuti galimoto ya zinyalala sibwera, ndiye iwo akuganiza zongosiya kulipira.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi chosavuta. Ground rent ndi ma city rate ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ground rent mumalipira kwa amene anakubwereketsani malo pa lizi, nthawi zambiri boma kudzera ku Unduna wa za Malo. Ma city rate ndi msonkho umene khonsolo ya mzinda imatolera kwa eni nyumba ndi mapoloti kuti iyendetsere mzinda: zinyalala, ngalande, misewu ya m'malokeshoni, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, manda, malipiro a antchito ake. Lisiti la ground rent silingakuombolereni ku khonsolo. Chinanso, ku England kumene muliko msonkho wa khonsolo, umene amautcha council tax, amalipira ndi amene akukhala m'nyumbamo, ngakhale akhale wa lendi. Kuno bilu imatsata mwini nyumba, ndiye musayembekezere kuti a lendi anu aisenza pokhapokha munagwirizana choncho polemba.

Tsopano funso lenileni. Ndalama ili pa bilu yanu imabadwa kuchokera ku manambala awiri. Yoyamba ndi mtengo wa nyumba yanu monga unalembedwera m'kaundula wa khonsolo, amene amamutcha valuation roll. Yachiwiri ndi mlingo umene khonsolo yagwirizana chaka chimenecho, kuti pa K1,000 iliyonse ya mtengo wa nyumba mwini wake apereke zingati. Mtengo amawerengera ndi ma valuer, akatswiri oyesa mitengo ya nyumba ndi malo. Mlingo amavomereza ndi makhansala pa msonkhano wa khonsolo yonse pokambirana bajeti. Bilu ikhoza kukwera chifukwa cha nambala iliyonse mwa ziwirizi, ndipo chinthu choyamba kufufuza ndi chakuti yasuntha ndi iti.

Mlingowu anthu amauona ngati chinthu chimene akuluakulu amangolota, koma mawerengedwe ake mwana wa sitandade 7 angawathe. Khonsolo imayamba yawerengera zimene ikufuna kugwiritsa ntchito chaka chikubwerachi, chimene kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kenako imachotsapo zimene ikuyembekezera kupeza kwina: ziphaso za m'misika, malayisensi a mabizinesi, ndalama zovomerezera mapulani a nyumba, malo oimika magalimoto, ndi zochokera ku boma. Chotsalacho ndiye chimagawidwa pa nyumba zonse zimene zili m'kaundula.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone mmene zimayendera. Mzinda wina ukufuna K10 biliyoni, ndipo kwina konseko upezako K6 biliyoni. Yatsala K4 biliyoni. Nyumba ndi malo onse a m'kaundula mtengo wake pamodzi ndi K2,000 biliyoni. Mukagawa, mlingo ukhala K2 pa K1,000 iliyonse. Nyumba yolembedwa K30 miliyoni ilipira K60,000 pa chaka. Chaka chotsatira dizilo wakwera, matayala a thirakitala akwera, antchito akufuna malipiro atsopano, ndipo chotsala chija chafika pa K6 biliyoni. Kaundula ndi yemwe uja. Mlingo ukhala K3, ndipo nyumba ija, yosasintha ngakhale penti, ilipira K90,000. Mukakumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, simungadabwe kuti mabajeti a makhonsolo anatupa. Khonsolo imagula mafuta pa filing'i siteshoni yomwe tonse timagulapo.

Pa masamu omwewa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire bwino, chifukwa kwa ine m'pamene pagona nkhani yonse. Tiyeni tibwerere ku mzinda wongoyerekeza uja. Bwanji khonsolo itayenda khomo ndi khomo n'kupeza kuti theka la chuma cha mumzindamo silinalembedwe n'komwe, kaundula n'kufika pa K4,000 biliyoni? K6 biliyoni yomwe ija ikagawidwa, mlingo utsika kufika pa K1.50, ndipo nyumba ya K30 miliyoni ilipira K45,000. Khonsolo yapeza ndalama zonse zimene imafuna, inu mwalipira zochepa kuposa poyamba. Ndiye bilu yanu ikamakula, nthawi zambiri simukulipirira nyumba yanu yokha. Mwasenzanso mtolo wa nyumba zimene mulibe m'buku, ndi wa amene ali m'buku koma salipira, poti wolemba bajeti wanzeru amadziwa kuti si bilu iliyonse imene idzabwerere ndi ndalama.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limati kaundula azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo pakatipo pazikhala kaundula wowonjezera wa nyumba zatsopano ndi zokuzidwa. Pa pepala zili bwino. Vuto ndi lakuti ntchitoyi ndi yodula, ma valuer ovomerezeka m'dziko muno ndi ochepa, ndipo mizinda ikukula mothamanga kuposa mmene akalembera angayendere. Aliyense amene anachoka ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba zaka khumi zapitazo akabwera amasochera: pamene panali minda ya chimanga pali mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Kaundula akachedwa, zinthu ziwiri zimachitika. Nyumba zatsopano zimakhala kunja kwa msonkho, ndipo zakale zimakhala ndi mitengo ya makedzana. Tsiku limene kaundula watsopano adzatuluke, mtengo umalumpha kamodzin'kamodzi, anthu n'kukhamukira ku ofesi ndi mkwiyo. Apa m'pofunika kuyang'anitsitsa makhansala. Mitengo ya m'kaundula ikakwera katatu, mlingo uyenera kutsika, apo ayi khonsolo yakweza msonkho katatu popanda kunena poyera kuti yakweza.

Kumene muliko nakonso kaundula ndi wokalamba. Council tax inayamba mu 1993, ndipo ku England nyumba zimaikidwa m'magulu asanu ndi atatu, A mpaka H, potengera mitengo ya pa 1 Epulo 1991. Mpaka lero akugwiritsa ntchito mitengo imeneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti nyumba yatsopano ikangomangidwa imalowa m'buku, ndipo khonsolo ikafuna kukweza kupyola malire amene boma laika imayenera kuitanitsa riferendamu ya anthu a m'deralo.

Kuno kwathu chitsanzo chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi Mzuzu. Kuyambira 2013, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GIZ, khonsolo ya kumeneko inayesa njira ina. M'malo modikira valuer kuti ayendere nyumba iliyonse payokha, anatumiza anthu kukalemba nyumba zonse n'kumazipatsa mapointi potengera zinthu zooneka ndi maso: kukula kwake, denga, makoma, dera limene ili, ngati pali madzi, magetsi ndi msewu wabwino. Kompyuta ndiyo inkasandutsa mapointiwo kukhala bilu. Nyumba za m'kaundula zinachoka pa 10,000 kufika pafupifupi 40,000, ndipo ndalama zotoleredwa pa chaka zinachoka pa K50 miliyoni kupitirira K350 miliyoni pofika 2018. Njirayi inakumana ndi otsutsa chifukwa lamulo limafuna kuti mitengo iziikidwa ndi ma valuer ovomerezeka, ndipo mkangano umenewo ndi weniweni. Komabe inaonetsa poyera kuti ndalama zinali momwemo mumzindamo, kungoti eni ake ambiri anali asanalandirepo bilu chibadwire. Chimene ndimakondera njirayi n'chakuti gogo wa ku Chibavi, mu Mzuzu momwemo, akhoza kumvetsa chifukwa chake akulipira zochepa kuposa mwini nyumba yosanja: amaona yekha denga lake ndi la mnzakeyo.

Palinso ena amene lamulo lomwelo linawapeputsira. Matchalitchi ndi mizikiti, manda, ndi zipatala kapena sukulu zosachita phindu salipira. Boma pa nyumba zake linalamulidwa kupereka theka chabe. Mzinda wodzaza ndi maofesi a boma umayamba bajeti yake uli kale ndi dzenje, ndipo dzenjelo amakwirira ndi anthu ngati inu.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Zaka zingapo zapitazo bilu ya nyumba ya malemu bambo anga inabwera yokwera modabwitsa. Tinaipeza itakwatikidwa pa geti, itanyowa ndi mvula, manambala ena atafufutika. Ndinapita ku ofesi ya khonsolo m'mamawa, ndinakhala pa benchi mpaka cha m'ma 11, kenako kalaliki wina wachikulire anandiitana n'kutembenuza sikirini ya kompyuta kuti tione limodzi. Anayendetsa chala pa mzere wa poloti yathu: mtengo wa malo pawokha, mtengo wa zomangidwapo pawokha, kenako ntchito ya nyumbayo. Apo m'pamene ndinaona kuti inalembedwa ngati ya bizinesi. Kale kutsogolo kunali kagolosale ka mayi anga, kamene kanatsekedwa kalekale, chitseko chake tinachita kumata ndi njerwa. Mlingo wa nyumba za bizinesi ndi wokwera kuposa wa nyumba zogonamo, ndiye kwa zaka tinkalipirira golosale yoti kulibe. Ndinalemba kalata, ndinaphatikiza zithunzi, anabwera kudzaona, anakonza. Zinatenga miyezi, ndipo ndinapitako maulendo anayi. Ndikanangokhala pakhomo n'kumadandaula, bwenzi tikulipirabe mpaka lero.

Pa zosiya kulipira, Mayi, ndikupemphani musatero. Ndikumvetsa kuwawa kwake. Munthu umagwira mashifiti a usiku m'dziko lozizira, ndalama n'kumapita ku khonsolo pamene zinyalala zikuwunjikana pa ngodya ya msewu. Koma ngongole ya ma city rate imamatirira pa nyumba. Lamulo la 1998 linaika chiwongoladzanja cha 4 pa 100 mwezi uliwonse pa bilu imene yadutsa masiku 60 osalipidwa, ndipo linapatsa khonsolo mphamvu yopita kukhoti kuti nyumba igulitsidwe pa okushoni ngongole ikatha zaka zitatu. Ngakhale zisafike pamenepo, tsiku limene mudzafune kugulitsa nyumbayo kapena kusintha dzina kuti likhale la mwana wanu, adzakufunsani umboni woti mulibe ngongole ku khonsolo, ndipo mudzaipeza itabereka ana ndi zidzukulu. Kuonjezera apo, mwaona kale masamu aja: aliyense wosiya kulipira amakankhira mtolo kwa otsala, khonsolo n'kulephera kugula dizilo, galimoto ya zinyalala n'kuimiratu, enanso n'kusiya. Mizinda yathu yazungulira m'bwalo limeneli nthawi yaitali.

Kulipira sikutanthauza kukhala chete. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo ndikuganiza kuti zaka zimenezo zinatizoloweretsa kuona khonsolo ngati ofesi yongotumiza mabilu, yopanda munthu amene tingamugwire dzanja n'kumufunsa. Lero khansala wa wodi yanu alipo, ndipo ali ndi voti pa mlingo umene mukudandaula nawowu. Bajeti imakonzedwa ndi akuluakulu a ku ofesi, imadutsa ku komiti ya zachuma ya makhansala, imavomerezedwa ndi khonsolo yonse, ndipo imaunikidwanso ndi National Local Government Finance Committee, bungwe la boma loyang'anira chuma cha makhonsolo. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu. Nthawi yolankhula ndi miyezi ya kumayambiriro kwa chaka, Epulo asanafike. Bilu ikafika pa geti, mlingo unadutsa kale. Ndipo kuyambira Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, choncho kupempha bajeti ya khonsolo polemba kalata ndi ufulu wanu.

Ndikanakhala inu, ndikanatuma mchemwali wanuyo ku ofesi ya ma rate atatenga bilu ya chaka chino ndi ya chaka chatha, pamodzi ndi malisiti onse amene alipo. Akaone ngati nambala ya poloti ndi dzina zili zolondola, ngati nyumbayo inalembedwa yogonamo, ndi ngati malipiro anu akale onse analowa, chifukwa nthawi zina chimene chikuoneka ngati kukwera chimakhala ngongole yakale ndi chiwongoladzanja chake zitaphatikizidwa pa bilu imodzi. Kenako afunse mtengo wa m'kaundula ndi mlingo wa zaka ziwirizo, alembe papepala. Ngati wasintha ndi mtengo ndipo mukuona kuti aukokomeza, lembani kalata yodandaula msanga, chifukwa masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka, ndipo pitirizani kulipira pamene akuunika. Ngati wasintha ndi mlingo, nkhaniyo ndi ya khansala. Mufunseni kuti m'wodi mwanu muli nyumba zingati, ndi zingati zili m'kaundula, ndi zingati zinalipira chaka chatha, ndiponso kuti galimoto ya zinyalala inayenera kumadutsa tsiku liti pa msewu wanu. A lendi anu ndi aneba awo akasainira nawo kalatayo idzalemera kuposa yanu yokha.

Mchemwali wanu akabwerako ku ofesiko, nditumizireni manambala anayi aja, mtengo ndi mlingo wa chaka chatha ndi wa chaka chino, tidzawerengere limodzi.